Bawuti ya Kamu ndi Khutu Langa Lotsala

Sindikumbukanso chaka chimene ndinachoka kwathu. Chimene ndimakumbukira n'chakuti mwana wanga Tinenenji anali asanayambe kuyankhula. Anali kumbuyo kwa mayi ake, Nagama, akuyamwa chala, ndipo nditamugwira kaphazi potsanzika anangondiyang'ana monga ana amayang'anira mbuzi yodutsa panjira. Nagama ndiye anandilimbitsa mtima.

"Pitani mukaphunzire ntchito, bambo ake," anatero. "Pobwera mudzampeza akukuitanani ndi pakamwa pake."

Ena amayenda dziko kufuna chuma, ena kuthawa milandu. Ine m'zaka zonse zimene ndinazungulira ndinkangofuna chinthu chimodzi: kubwerera kwathu makutu anga akadamva, kuti ndikamve mwana wanga akundiitana. Wina angati n'chaching'ono, koma chinandidyera moyo wonse.

Ndinafika m'tauni ina ya fumbi, kumene ngakhale agalu anali ofiira. Kumapeto kwa msika, pansi pa mtengo wa mbawa, panali galaja ya a Kandulu. Ndikati galaja musaganize za nyumba. Unali mthunzi chabe, nthaka yoda ndi oyilo, ndi magalimoto oyasamula. A Kandulu anali munthu wamfupi, woyankhula mokuwa ngati ali tsidya lina la mtsinje. Poyamba ndinkayesa ndi ukali. Ndinazindikira mochedwa kuti mawu awo omwe sankawamva.

Iwo ankachiza nthenda imodzi yokha. Mwini galimoto akabwera n'kunena kuti, "Ndikailiza m'mawa imachita gwedegwede kanthawi pang'ono, kenako n'kusiya," a Kandulu ankamuyang'anitsitsa pakamwa, n'kumwetulira ngati watchula m'bale wawo.

"Giya ya kamu imeneyo!" ankakuwa. "Tabwera kuno iwe, uone."

Anandionetsa. Pamwamba pa injini, pansi pa chivundikiro, pamagona chitsulo chachitali cha manundumanundu chimene chimatsegula ndi kutseka mavavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya m'injini. Amakaniko timati kamu. Kumutu kwake kuli giya yonenepa ngati kambale, ya mano m'mbali monse, ndipo tcheni chimakola m'manomo. M'kati mwa giyayo muli tizipinda ta oyilo. Oyilo akalowa mbali iyi, giya imafulumizitsa kamu pang'ono. Akalowa mbali inayo, imaichedwetsa. Ikatha, imagwedera.

"Imeneyi ndi imene imauza injini nthawi," anatero a Kandulu. "Ikasokonezeka, galimoto imayenda ndithu, koma sidziwa kuti kwacha kapena kwada."

Kuichotsa kunali ndi mwambo wake, ndipo a Kandulu ankautsata monga ena amatsatira mapemphero. Uyambe wachotsa waya wa batire. Umasule chivundikiro. Upukuse injini ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka tizizindikiro ta pagiya tiloze kumwamba. Udontheze penti yoyera pa dzino limodzi ndi pa mfundo ya tcheni yoyang'anana nalo. Kenako useme kamtengo, ukakhomere pakati pa tcheni kuti chisagwere m'mimba mwa injini. Zonsezi ngakhale wobwera dzulo akhoza. Povuta ndi pa bawuti ya pakati, imene imamanga giya ku kamu.

Bawuti imeneyo simasuka ndi ulemu. Ukaikoka ndi paipi yaitali, kamu imapotoka, tcheni n'kudumpha. Njira ya a Kandulu inali yakuti dzanja lamanzere ligwire kamu ndi sipanala, sipanala inzake uikoleke pabawuti, kenako uimenye ndi nyundo mwamphamvu, mutu wako uli pafupi penipeni.

"Bwanji osatseka makutu ndi thonje?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana pakamwa, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Utseke makutu? Ndiye umva bwanji? Bawuti yoti imasuke imati tyaa. Yoti iduke imayamba yabuula. Ukamva kubuula, leka, uithire mafuta, uipepese. Ikadukira m'kati, injini ya mwini waipha. Nanga iwe ukuyesa ndakulemberanji ntchito? Nkhope yakoyo? Ndakulembera makutu akowo. Anga anathera m'menemo."

Kenako anandigwira paphewa ndi dzanja la oyilo, n'kundipatsa lamulo. "Injini imene watsegula ndi manja ako, suisiya mpaka utaitseka. Penti wadontheza ndiwe, kamtengo wakhoma ndiwe. Wina akabwera n'kupukusa mosadziwa, mapisitoni akakumana ndi mavavu, ndi maliro amenewo. Kaya kwagwa mvula, kaya kwanu kwagwa zotani, umalize kaye. Zoyankhula zimabwera utasamba m'manja."

Tsiku limene ndinamenya bawuti yanga yoyamba, nyundo inati ngwee, ndipo m'khutu lakumanzere munalowa nyenje imene inalira mpaka madzulo. Giya inatulukira m'manja mwanga, yofunda, ikudontha oyilo wakuda. Ndinasangalala, sindikana. Nyenjeyo ndinkayesa ndi mlendo wa tsiku limodzi, koma m'mawa ndinadzuka ikadalipo.

A Kandulu anamwalira m'nyengo ya mphepo, atatsamira tayala, anthu akuyesa akupuma. Titaika maliro ndinamanga zitsulo zanga m'thumba n'kuyang'ana njira ya kwathu. Mumtima ndinkati pofika pano Tinenenji akuthamangitsa nkhuku pabwalo, ndipo ali ndi mafunso otopetsa amayi ake.

Minibasi inandisiya m'tauni ina ya pamlatho, n'kubwerera. Kumapeto kwa msika kunali mtengo, ndipo pansi pake panali kagalimoto konyamula tomato. Mwini wake, a Mbendera, ataona zitsulo zanga anandigwira mkono.

"Achimwene, Mulungu ndiye wakutumani. Imagwedera m'mawa. Mukandikonzera, ndikakusiyani pakhomo penipeni. Kwanuko ndimadutsako sabata ndi sabata."

Ndinatsegula. Penti, kamtengo, nyundo. Giya yakale inatuluka, koma yatsopano sinapezeke. A Mbendera anapita kukaifuna kumzinda, n'kubwera ndi yosalowa. Anapitanso. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinakula, anthu anakolola, ine ndili chikhalire pambali pa injini yotsegula, nditaifunditsa chiguduli. Udzu unazinga matayala. Odutsa ankati, "Amakaniko, kodi inu mulibe kwanu?" Ndinkawalozera kamtengo kanga kali chikhomere pakati pa tcheni. Ankapukusa mitu, ena n'kumanena kuti oyilo wandilowa m'mutu.

Lamya ndinali nayo masiku amenewo. Ndikaimba, Nagama ankaiyandikitsa kukamwa kwa mwana n'kumati, "Nena nawo, ndi ababa ako." Koma mwanayo sankafuna kuyankhula ndi munthu wosaoneka, ndipo ine ndinkangomva kupuma kwake. Tsiku lina ndikuwerama, lamyayo inagwera m'beseni la oyilo wakale, n'kufa ndi manambala ake onse. Ndinaipukuta, ndinaiyanika padzuwa, koma ayi ndithu. Ndinalira tsiku limenelo, munthu wamkulu, nditabisala kuseri kwa boneti.

Giya yoyenera itafika, galimoto n'kulira bwinobwino, a Mbendera anandiuza akuyang'ana pansi kuti msika wa tomato unasamukira kwina. "Ingokwerani tipitire limodzi, achimwene. Kumeneko simukasowa yopita kwanu." Ndinakwera. Njira inakwera phiri, pomwe ya kwathu imatsika. M'njiramo ndinazindikira kuti mphepo ya pazenera, imene inkandiwomba kukhutu lakumanzere, inkangondizizira koma sinkaliranso. Nyenje ija inali itadya zonse n'kusamuka. Khutu limenelo linatha choncho, popanda kupweteka.

Kuchokera pamenepo matauni anayamba kufanana. Kulikonse kunali msika, kumapeto kwa msika mtengo, pansi pa mtengo galimoto yogwedera m'mawa, ndi mwini wake wolumbira kuti akupita cha kwathu. Nthawi zina ndinkaona ngati galimotoyo ndi imodzi yomweyo, yangosintha penti, imanditsogolera kukandidikira. M'tauni ya nkhungu ndinaphunzira kudikira dzuwa lifunditse chitsulo ndisanamenye. M'tauni ya fodya ndinapeza injini imene makaniko wina anaitsegula n'kuthamangira ukwati wa mlongo wake. Anthu anakankha galimotoyo ili mu giya kuti aichotse pamsewu, injini n'kupukusika. Mavavu ake anapindika onse, ndipo mwini wake anali atakhala pamwala, manja kumutu, ngati pasiwa. Nditaona zimenezo, lamulo la a Kandulu linandilowa mpaka m'mafupa.

Bawuti iliyonse inkatenga chake m'khutu lotsala. Mbalame ndizo zinayamba kuchoka. Tsiku lina ndinaona ana akusewera mpira wachikulunga pafupi ndi galaja, pakamwa pali yasa, koma phokoso lawo linkafika ngati lochokera m'mbiya yovundikira. Mantha enieni anandigwira, chifukwa mawu a ana ndi amene ankathawa msanga. Kenako ndinadziseka ndekha. Mwana wake uti? Ndevu zanga zinali zitachita imvi. Amene ndinamusiya kumbuyo kwa mayi ake anali atakula kalekale popanda ine, ndipo mawu ake aubwana anapita osandipeza. Komabe ndinati ngakhale achikulire omwewo ndiwamve.

Tauni yotsatira inali ya chipatala chachikulu, kumene msewu wonse unali wa okhoma mabokosi. Pansi pa mtengo panali galimoto yaitali, yakuda, yonyamula maliro. Mwini wake anali mayi wonenepa, a Nasimango, wa mawu a besi ngati mwamuna wa m'kwaya, choncho ndinkawamva bwino. Anailiza, inachita gwedegwede, n'kusiya. Ndinayamba kumasula thumba langa. Iwo anaona mmene ndinkapendekera mutu, ndipo anandifunsa. Sindidziwa chimene chinandimasula pakamwa, koma ndinawauza zonse.

"Khutu limenelo likhalitsa, bambo?"

"Mwina bawuti imodzi, mwina ziwiri."

"Ndiye yangayi musaikhudze," anatero, akutseka boneti. "Igwedere choncho. Amene ndimawanyamula ine sadandaula phokoso. Mawa ndikuperekeza maliro cha kwanuko. Kutsogolo kwadzaza anamfedwa, inu mukhala kumbuyo ndi malemu. Ndi munthu wofatsa, simukangana."

Mwa onse amene analonjeza kukandisiya kwathu, amene anakwaniritsa ndi mayi ameneyu, amene sindinamukonzere kanthu. Ndinayenda ulendo wonse nditapinda miyendo pambali pa bokosi la munthu wosamudziwa, dzanja langa litaphimba khutu lakumanja kuti mphepo isalifike. Anamfedwa ankaimba, ine ndinkangomva mabesi okha. Pa mphambano ina galimoto inaima, a Nasimango n'kundilozera njira ndi chibwano.

Kwathu sindinakuzindikire. Pamene panali minda yathu panali msika. Nyumba zinali zitathithikana, ndipo yanga sindinaione. Ndinafunsa amayi ena ogulitsa masamba, anandiyankha mwaulemu ndithu, koma mawu awo anali opyapyala ndipo sanandifike. Ndinachita manyazi kufunsanso. Miyendo inanditenga yokha mpaka kumapeto kwa msika, kumene kunali mtengo, ndipo pansi pake panali kagalimoto koyera ka takisi.

Pamtengopo panali galaja, ndipo mwini wake, a Chimwaza, anali ndi mawu okulirapo. Ndinawafunsa za Nagama.

"Ine kuno ndine wobwera, madala," anatero. "Koma mwini wa takisi iyi amadziwa khomo lililonse. Akabwera akakusiyani. Ndaona thumba lanu la zitsulo, podikirapo tandithandizani. Imagwedera m'mawa, giya yatsopano ilipo kale iyi. Mungoitsegula, muike zizindikiro. Bawuti ndimenya ndekha."

Ndinati penti ndi kamtengo sizipha khutu. Ndipo kunena zoona, manja anga anali atayamba kale ine ndisanavomere. Waya wa batire, chivundikiro, kupukusa. Ndinadontheza penti, ndinasema kamtengo ka nthambi ya pomwepo, n'kukakhoma. Nditawapatsa nyundo a Chimwaza, anasuzumira bawuti, anaikanda ndi chikhadabo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Aaa, madala, iyi yadya dzimbiri. Ine ndinathyolapo ina chaka chatha, mpaka lero mwini wake sandipatsa moni. Mwatsegula ndinu, malizani ndinu." Atatero anakweza maso n'kuitana munthu kumbuyo kwanga. "Tinenenji! Takupezera katswiri. Ine ndikagule kaye mafuta othira pabawuti." Ndipo anathamangira kugolosale.

Dzina limenelo linandilowa ngati madzi ozizira. Ndinatembenuka. Kunkabwera mayi wamng'ono, wamtali, makiyi ali m'manja. Chipumi chinali cha Nagama. Makutu, otambalala ngati a mleme, anali anga. Anaima kumanzere kwanga n'kuyankhula, ine osamva kanthu. Ndinazungulira msanga, n'kumupatsa khutu lamoyo.

"Ndimati, amakaniko, itheka lero?"

Mawu ake anali otsika, okhuthala pang'ono, osathamanga. Anandifika onse, limodzi ndi limodzi. 

"Itheka, mayi," ndinatero.

"Chonde. Amayi anga miyendo yawatupa, mawa m'mawa ndiyenera kuwatengera kuchipatala cha kuboma. Ndipo musandithawe, amakaniko. Inu anthu mumatsegula chinthu n'kusowa. Bambo anga omwe anali makaniko. Anapita kukaphunzira ntchito, mpaka lero akuphunzirabe."

Anaseka pang'ono ponena zimenezo, kuseka kwa munthu amene anazolowera kuinena nkhaniyo.  Ine mawu anali pakamwa, okonzeka, ndipo ndikanangowatulutsa. Koma ndinayang'ana injini ili yasa, tcheni chili pa kamtengo, manja anga ali bii ndi oyilo. Ndimuuze tsopano kuti ndine munthu uja, galimoto yake ili chitsegulire? Akanalira, kapena akanakwiya, anthu akanadzaza, wina n'kutsamira galimoto, wina n'kuikankha. Ndinati ndimalize kaye, ndisambe m'manja, ndiime pamaso pake ngati munthu amene watsiriza chinthu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti m'khutu mwatsala bawuti ziwiri, osati imodzi.

A Chimwaza anabwera ndi mafuta. Ndinagwira kamu ndi sipanala, ndinakoleka inzake pabawuti, ndinawerama mpaka tsaya langa linakhudza chitsulo. Ndinagogoda pang'ono. Bawuti inabuula. Ndinaleka, ndinaithira mafuta, ndinadikira. Tinenenji anali atakhala pa tayala lakale, akusewera ndi makiyi, ndipo nthawi yonseyo ndinkapempha mumtima kuti anenenso kanthu, kalikonse. Sananene. Ndinagogodanso. Ulendo uno sinabuule. Ndinakweza nyundo, ndinatseka maso, n'kumenya ndi mphamvu zonse zimene zinanditsalira.

Inati tyaa. Ndinaimva bwinobwino.

Kenako kunati zii. Nyenje sinabwere. Ndinaona nyundo ikugwera pansi popanda phokoso. Ndinaona minibasi ikudutsa, kondakitala atatulutsa mutu, pakamwa pali yasa. Masamba a mtengo ankagwedezeka. Ndinadziwa chimene chachitika, ndipo chisoni chinandigwira, koma ntchito inali isanathe.

Ndinamasula bawuti ndi zala. Giya yakale inatuluka, ikudontha. Ndinalowetsa yatsopano, dzino pa mfundo yake ya tcheni, ndinamanga, ndinazula kamtengo, ndinabwezera chivundikiro ndi waya. Ndinamukodola Tinenenji kuti ailize. Ndinaika chikhatho pa injini, ndipo inanjenjemera mosalala, popanda kugwedera. Iye anatuluka akumwetulira, akuomba m'manja. Ndinapita pa ndowa ya madzi n'kusamba m'manja, ndi sopo, ndi mchenga, kwa nthawi yaitali.

Nditatembenuka, a Chimwaza anali kuyankhula naye, akundiloza. Ayenera kuti ankamuuza za munthu amene ndinkamufuna, chifukwa kumwetulira kunachoka pankhope pake. Anabwera pafupi n'kundifunsa kanthu. Ndinamulozera makutu anga, n'kupukusa mutu. Kenako ndinatchula dzina langa, ndi la agogo ake, ndi la mudzi umene unali pamenepo msika usanabwere. Sindidziwa ngati ndinakuwa kapena ndinanong'ona. Anthu a pafupi anasiya zimene ankachita.

Makiyi anagwa m'manja mwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku imvi mpaka ku nsapato zong'ambika. Maso ake anaima pa makutu anga, ndipo dzanja lake linakwera lokha kukagwira lake. Ndinkayembekezera kuti anditembenukira msana, ndipo sindikanamuimba mlandu. Koma anagwada pa nthaka ya oyilo ija, ndi chitenje chake choyera, misozi ili mbwee.

Milomo yake inakumana, inalekana, inakumananso, monga imachitira mwana akamaitana ababa ake. Anaona kuti sindinamve, ndipo ananenanso mokweza, mpaka mitsempha ya pakhosi pake inaoneka. Ananyamuka, anabwera kukhutu lakumanja, n'kunenera m'menemo. Mpweya wake unandifunda pa tsaya.

Ndinagwedeza mutu kuti asavutike kufuula. "Ndine, mwanangu," ndinatero, ndipo ngati mawuwo anatuluka, anamva ndi iyeyo.